Bambo wopitirira zaka 45: mmene mungayang'anirire BP, shuga ndi mkodzo zinthu zisanafike poipa

Abambo ambiri kuno ku Kasungu amafika kuchipatala atachita kunyamulidwa. Wina mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi, wina mkodzo watsekeka kuyambira dzulo madzulo mpaka chinena chafufuma, wina chilonda cha kuphazi chatha miyezi itatu osapola. Ukatsegula buku lawo lakuchipatala upeza kuti BP inapezeka kale chaka chatha, anamwa mankhwala mwezi umodzi, mutu utasiya kupweteka n'kuwaponya pawindo. Pamene pamakanika abambo ndi pa ntchito zing'onozing'ono: kuyeza moyenera, kulemba zimene mwapeza, kumwa mankhwala osadukiza ndi kuwauza adokotala zoona zenizeni. Malangizowa akutsata ntchito zimenezo imodziimodzi.

Zofunika kukhala nazo

Buku lanu lakuchipatala, limodzi lokha. Osati lina ku Nkhamenya, lina ku Mtunthama, lina paboma.
Kope latsopano ndi cholembera.
Tepi ya telala yokhala ndi masentimita.
Makina oyezera BP omanga pamkono pamwamba pa chigongono, ndi mabatire atsopano. Ngati kugula nokha n'kovuta, sonkhani ngati kalabu ya fodya kapena banki m'khonde n'kumabwerekana mlungu ndi mlungu.
Botolo la Sobo la malita 2 lodula kukamwa, ndi kabotolo ka madzi ka 500 ml.
Supuni yaing'ono ya tiyi.
Kalilole wamng'ono woonera kunsi kwa mapazi.
Ndalama yapadera ya galimoto, yosungidwa pamalo amene mayi akunyumba akuwadziwa.

Gawo 1: Yezani mimba

Imani chilili mutavula malaya. Pezani nthiti yomalizira ndi pamwamba pa fupa la m'chiuno, ndipo zunguzani tepi pakati pa malo awiriwo, chapafupi ndi mchombo. Tulutsani mpweya mwachizolowezi, kenako werengani. Mimba ikapitirira masentimita 94 ngozi ya BP ndi shuga yayamba kukwera, ikapitirira 102 yakwera kwambiri. Njira ina yachidule ndi iyi: mimba isapose theka la msinkhu wanu. Bambo wotalika masentimita 170 asapitirire 85.

Chenjezo: musayeze pamene mumamanga lamba wa buluku. Ambiri amamanga pansi pa mimba, ndiye nambala imatuluka yabwino pomwe mimba ili pamwamba pa tepi. Lembani nambalayo ndi tsiku, mudzayezenso pakatha miyezi itatu.

Gawo 2: Yezani BP kwa masiku 7

BP ilibe chizindikiro chodalirika. Munthu atha kukhala pa 170/100 akupalasa njinga kupita ku Santhe osamva kalikonse, pomwe mitsempha ya mu ubongo, impso ndi mtima zikuwonongeka mwakachetechete. Nambala ya tsiku limodzi siikwanira, makamaka yakuchipatala mutayenda mtunda n'kuima pamzere padzuwa. N'chifukwa chake muyeze mlungu wathunthu, m'mawa ndi madzulo.

1. Kwa mphindi 30 musanayeze, musamwe tiyi kapena khofi, musasute, musagwire khasu. Kakodzeni kaye, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza nambala.
2. Khalani pampando wotsamira, mapazi onse pansi, miyendo osapingasa. Pumulani mphindi 5 zenizeni, muziyang'ana pa wotchi.
3. Vulani dzanja la malaya. Osalipinda mothina, limafinya mkono.
4. Mangani lamba wa makinawo zala ziwiri pamwamba pa chigongono, kapaipi kali m'kati mwa mkono. Athine moti zala ziwiri zilowe movutikira pang'ono.
5. Ikani mkono patebulo kuti lambayo akhale mulingo umodzi ndi mtima. Mkono wolendewera umapereka nambala yokwera.
6. Dinani batani, khalani chete. Osalankhula, osayankha foni.
7. Lembani manambala onse awiri, yapamwamba ndi yapansi. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, yezaninso, lembaninso.

M'mawa yezani musanadye ndiponso musanamwe mankhwala. Mlungu ukatha, siyani manambala a tsiku loyamba, popeza tsikulo munthu amakhala ndi mantha ndi makinawo. Otsalawo aphatikizeni n'kugawa kuti mupeze nambala yapakatikati. Ngati masamu akuvuta, mwana wa Sitandade 8 akuthandizani.

Nambala yakunyumba ikafika 135/85 kapena kuposa, pitani nalo kopelo kuchipatala. Kuchipatala malire ake ndi 140/90. Mukapeza 180/110, pumulani mphindi 5 n'kuyezanso, ndipo ikakhalabe pamenepo pitani tsiku lomwelo, osadikira kuti mlungu uthe.

Chenjezo: lamba amene amabwera ndi makina ambiri ndi wa mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Bambo wa mkono waukulu akaumiriza lamba wamng'ono, makina amaonetsa BP yokwera kuposa yeniyeni. Yezani mkono ndi tepi musanagule.

Gawo 3: Kayezetseni shuga musanadye

Izi kachitireni kuchipatala, kamodzi pachaka ngakhale mukumva bwino. Idyani nsima yamadzulo monga mwa masiku onse, kenako musadyenso kanthu kwa maola 8. Madzi okha ndiwo ololedwa. Tiyi wa m'mawa, thobwa, nthochi kapena chitumbuwa chogula panjira chimasokoneza zotsatira.

Makina ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL, choncho funsani kuti nambala yanu ndi ya mtundu uti. Kuyambira 7.0 mmol/L, yomwe ndi 126 mg/dL, ndi chizindikiro cha matenda a shuga, ndipo adzakuuzani kuti mubwerenso tsiku lina kuti atsimikize. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 mmol/L muli pakhomo pa matendawa, ndipo apa ndi pamene kusintha kadyedwe kumabweza zinthu. Ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi, mukuwonda chonsecho mukudya bwino, kapena nyerere zikuunjikana pamene mwakodza, musadikire tsiku la chaka.

Amene mwapezeka kale ndi shuga, onjezani ntchito iyi usiku uliwonse. Sambani mapazi, pukutani bwino pakati pa zala, yang'anani kunsi ndi kalilole. Shuga imapha mitsempha ya kumapazi moti minga kapena chitsa cha chimanga chikhoza kukubayani osamva. Musapite kumunda opanda nsapato, gwedezani nsapato musanavale, musachekere chikang'a ndi lezala, ndipo mu June ndi July musayandikize mapazi pambaula. Maso nawo akaonedwe kamodzi pachaka.

Gawo 4: Lembani za mkodzo kwa masiku 3

Pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa prostate, kakakulu ngati dzira la nkhunda, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Munthu akamakula nako kamakula, n'kuyamba kufinya njirayo ngati munthu waponda paipi yothirira kudimba. Nthawi zambiri kukulaku si khansa. Koma chikhodzodzo chikamalimbana ndi njira yothina kwa zaka, chimatopa, mkodzo umatsalira, tizilombo timaswana, ndipo impso zimavutika.

Konzani botolo loyezera motere. Thirani madzi a kabotolo ka 500 ml m'botolo la Sobo lija, lembani mzere pamene afika. Onjezani kena, lembani 1000. Pakati pa mizereyo ikani timizere ta theka. Kwa masiku atatu usana ndi usiku, kodzerani m'botolomo ndipo lembani nthawi ndi kuchuluka kwake, komanso zimene mwamwa ndi nthawi yake.

Pansi pa tsamba lililonse yankhani mafunso awa. Kodi mumadikira nthawi mkodzo usanayambe kutuluka? Kodi umatuluka mofooka n'kugwera pansapato, kapena modukizadukiza? Kodi mumachita kudzikakamiza? Mukamaliza, mumamva ngati watsala? Umadontha m'kabudula? Mwadzuka kangati usiku?

Powerenga kopelo, yang'anani kuchuluka kwake. Chikhodzodzo chabwino chimatulutsa 300 mpaka 400 ml nthawi imodzi. Ngati mukupita pafupipafupi koma kukutuluka 100 ml yokha, vuto lili ku prostate kapena ku chikhodzodzo. Ngati mukupita pafupipafupi ndipo botolo likudzaza nthawi zonse, mpaka malita atatu patsiku, ganizirani za shuga. Kusiyana kumeneku n'kumene adokotala amafuna, ndipo pakamwa pokha simungakufotokoze.

Podikira tsiku lakuchipatala, chitani izi. Lekani kumwa zamadzimadzi maola awiri musanagone, koma masana imwani mokwanira. Chepetsani tiyi ndi mowa wamadzulo. Mukamaliza kukodza, dikirani theka la mphindi n'kuyesanso, kawirikawiri wina amatuluka. Ena amapeza kuti kukodza atakhala pansi kumathandiza, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Pewani kudzimbidwa podya masamba, papaya ndi mgaiwa, chifukwa chimbudzi chouma chimapanikiza njira ya mkodzo.

Chenjezo lalikulu: mankhwala a chimfine ogula pagolosale, monga Piriton ndi ena otsegula mphuno, akhoza kutsekeratu mkodzo kwa bambo amene prostate yakula. Chimodzimodzi kumwa mowa wambiri n'kumausunga mkodzo, monga paulendo wa minibasi wopita ku Lilongwe.

Gawo 5: Pitani kuchipatala mutakonzeka

Yambirani pachipatala chapafupi. Funsani tsiku limene kumakhala kiliniki ya BP ndi shuga kumeneko kapena ku Kasungu District Hospital. Zikafunika akatswiri, iwo ndi amene angakulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tengani buku, kope, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi mabotolo a zitsamba. Za ma ARV musabise, chifukwa mwachitsanzo ARV wa dolutegravir amachulukitsa metformin, mankhwala a shuga, m'magazi, ndiye mlingo wa metformin umafunika kuuchepetsa.

Pa za prostate, adokotala adzavala golovesi n'kulowetsa chala chopaka mafuta kumbuyo kuti amve kukula ndi kulimba kwake. Sizitenga mphindi imodzi. Apa ndi pamene abambo ambiri amatembenukira pakhomo, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa chala chimenecho chimasiyanitsa prostate yosalala ndi yolimba ngati mwala yomwe ikufunika kufufuzidwa. Palinso kuyeza magazi kotchedwa PSA. Nambala yake ikakwera sizitanthauza khansa nthawi zonse, popeza matenda a m'njira ya mkodzo kapena prostate yongokula zimaikwezanso. Khansa ya prostate imagwira kwambiri amuna akuda, ndipo ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwalapo, nenani, muyambe kukambirana zoyezetsa muli ndi zaka 45.

Nenaninso ngati munadwalapo chinzonono muli mnyamata, chifukwa chimasiya chipsera chothinitsa njira, ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Ngati mumalima m'dambo kapena kuwedza, tchulani, popeza likodzo limabweretsa magazi mumkodzo.

Nkhani ya kuchipinda muyambitse nokha, musadikire kufunsidwa. Mitsempha ya magazi ya kumaliseche ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, motero imayamba kutsekeka ndiyo. Mphamvu zikamachepa mwezi ndi mwezi, kawirikawiri ndi belu la shuga, BP kapena fodya, zaka zingapo mtima usanadandaule. Kutafuna gondolosi sikutsegula mtsempha. Mapiritsi a mphamvu za kuchipinda otchedwa sildenafil amagwira ntchito, koma akaphatikizana ndi mankhwala a mtima monga isosorbide dinitrate, BP imagwa mpaka munthu kufa. Ogula kuseri kwa msika simudziwa n'komwe mlingo wake.

Musanatuluke, onetsetsani kuti m'buku mwalembedwa dzina la mankhwala, mlingo, nthawi yomwera ndi tsiku lobweranso.

Gawo 6: Imwani mankhwala mosadukiza

Mankhwala a BP ndi shuga sachiza ngati LA wa malungo amene mumamwa masiku atatu n'kuthana nazo. Amagwira matendawo tsiku limene mwamwa lokha. BP ikatsika n'kufika 125/80, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, pitirizani.

Amangirizeni ku chinthu chimene mumachita tsiku lililonse, monga kutsuka mkamwa kapena nkhani za m'mawa pawailesi, ndipo chongani m'kope. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira mawa lake, musamwe awiri. Katengeni ena akatsala a masiku 7, ndipo ngati kuchipatala atha, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo kuti mukagule kufamase yovomerezeka.

Dziwani khalidwe la mankhwala anu kuti musawathawe.

HCTZ, amlodipine ndi enalapril ndi mankhwala a BP. HCTZ amakodzetsa, choncho imwani m'mawa. Mukamwa usiku simugona. Amathanso kudzutsa gauti, ululu woopsa wa chala chachikulu cha kuphazi chomwe chimatupa n'kutentha. Zikatero kanenani, akusinthireni.

Amlodipine amatupitsa akakolo mwa ena, makamaka madzulo.

Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatha mwa ena. Ngati milomo, lilime kapena nkhope zatupa, siyani pomwepo n'kuthamangira kuchipatala.

Metformin amasokoneza m'mimba milungu yoyamba. Imwani pakati pa chakudya, osati m'mimba muli gwa.

Glibenclamide ndi jakisoni wa insulin akhoza kutsitsa shuga mopitirira ngati mwamwa n'kupita kumunda osadya. Mukamva njala yoopsa, thukuta lozizira, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi, imwani, kenako idyani. Muziyenda ndi maswiti m'thumba, ndipo akunyumba adziwe zimenezi.

Mankhwala a prostate monga tamsulosin ndi doxazosin amachititsa chizungulire podzuka. Khalani kaye m'mphepete mwa bedi musanaimirire, makamaka usiku. Finasteride amatenga mpaka miyezi 6 kuti mumve kusintha, musataye mtima pa mwezi woyamba.

Gawo 7: Konzani mbale, mchere ndi miyendo

Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi yosaunjika, ndipo mmenemo muwerengeremo wa mu buledi, usipa wouma, soda wa mu therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Njira yake ndi kuyeza m'mawa. Pabanja la anthu 6, ikani masupuni aang'ono atatu kapena anayi m'kambale, ndipo wophika agwiritse umenewo tsiku lonse. Mchere wapatebulo uchoke. Nsomba zouma zamchere ziviikeni kaye, madziwo mutaye. Ndiwo zidzamveka zosakoma milungu iwiri kapena itatu, kenako lilime limazolowera. Kambiranani ndi mayi mwaulemu, popeza poto ali m'manja mwawo.

Pambale, theka likhale nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya kapena mpiru. Mbali yotsalayo igawidwe pakati pa nsima ndi nyemba, nandolo, nsomba kapena dzira. Nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda iwiri yaing'ono m'malo mwa isanu. Shuga wa mu tiyi muzichotsa supuni imodzi mlungu uliwonse mpaka atha. Fanta, Sobo ndi thobwa lotsekemera zikhale za apo ndi apo.

Nyengo yoopsa kwa mlimi ndi pamene fodya wagulitsidwa ku Chinkhoma. Kuyambira November mpaka March thupi limakhala likugwira ntchito, koma ndalama ikalowa khasu limapachikidwa, ndipo masiku amathera pachiwaya, pakanyenya, mang'ina ndi mowa. Miyezi imene khasu lapachikidwayi dzikakamizeni kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga mphindi 30, masiku 5 pamlungu, mpaka muzipuma mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Kabaza wa njinga yamoto musamukwere pa mtunda umene kale munkayenda pansi. Kusuta, kaya ndudu kaya chingambwe, kulekeni kotheratu, ndipo kachasu ndi BP siziyendera limodzi.

Gawo 8: Phunzitsani apabanja zizindikiro zothamangira

Lembani izi pachikuto cha kope, muwawerengere onse.

Pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, mawu akutuluka ngati woledzera: ndi sitiroko. Lembani nthawi imene zayamba, m'gonekeni chammbali, musam'patse madzi, phala kapena mankhwala, pezani galimoto. Ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi 10, apitebe tsiku lomwelo.

Pachifuwa pakufinya ngati pasanjikidwa thumba la chimanga, ululu ukupita kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu.

Mkodzo wakaniratu, chinena chafufuma ndipo chikupweteka. Kuchipatala amalowetsa kapaipi, mkodzo n'kutuluka nthawi yomweyo. Musamwe madzi ambiri kapena mowa pofuna kuukankha, ndipo musalowetse udzu kapena waya.

Magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu. Kutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi ululu pokodza. Msana kapena chiuno chowawa usiku pamodzi ndi kuwonda. Chilonda cha kuphazi chomwe chada kapena kununkha.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kumwa mankhwala a BP pokhapokha mutu ukapweteka. BP imakwera n'kutsika ngati chikepe, ndipo sitiroko imabwera pa masiku odukizawo.

Kubwereka mapiritsi a mayi kapena a mnzanu poti nayenso ndi a BP. Mlingo ndi mtundu zimasankhidwa poona impso, shuga ndi mankhwala ena a munthuyo.

Kumwa Brufen, diclofenac kapena Indocid tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana ndi mawondo. Amakweza BP, amawononga impso ndipo amayambitsa zilonda za m'mimba. Yambani ndi Panado, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi patsiku, ndipo ululu ukapitirira kaonetseni.

Kusiya mankhwala akuchipatala chifukwa cha botolo la zitsamba lolengezedwa pamsika kuti limachiza shuga, BP ndi prostate nthawi imodzi, kapena chifukwa mwapemphereredwa. Pempherani ndithu, koma mapiritsi apitirire, ndipo makina ndiwo anene ngati zasintha.

Kusala kudya masiku a mapemphero muli pa glibenclamide kapena insulin osafunsa kaye kuchipatala.

Kuleka kumwa madzi masana poopa kukodza. Mkodzo umakhala wa bii, umawotcha chikhodzodzo, ndipo mumapita pafupipafupi kuposa kale.

Kukhala ndi kapaipi ka mkodzo kupitirira tsiku limene anakuuzani kuti mukasinthitse. Kamatsekeka ndi kubweretsa matenda. Thumba lake lizikhala pansi pa chiuno nthawi zonse, ngakhale pogona, kuti mkodzo usabwerere.

Kugula buku latsopano nthawi iliyonse mukasintha chipatala. Adokotala atsopanowo amayambiranso pachiyambi, osadziwa kuti enalapril anakutsokomoletsani chaka chatha, n'kukupatsaninso yemweyo.